Nkhope ndi yake, thukuta ndi lake: mkangano wa ndalama za osewera a m'mayunivesite ku America

Ed O'Bannon anali atasiya kale kusewera basketball ndipo ankapeza chakudya pogulitsa magalimoto kufupi ndi mzinda wa Las Vegas. Tsiku lina ali kocheza kwa mnzake, anamuonetsa gemu ya pa kanema yomwe mwana wa pakhomopo ankakonda kusewera. M'gemumo munali timu ya yunivesite ya UCLA ya mu 1995, chaka chomwe inatenga chikho cha dziko lonse la America. Pakati pa osewerawo panali wina wamtali, wakuda, wometa mpala, woponya mpira ndi dzanja lamanzere, atavala jezi nambala 31. Dzina silinalembedwe, koma panalibe chofunsa, anali iyeyo. Kampani ya EA Sports inkagulitsa gemuyo, bungwe loyendetsa masewera a m'mayunivesite la NCAA linkalandirapo zake, masukulu nawo ankalandirapo, koma mwini nkhopeyo sanapemphedwe chilolezo ndipo sanaone ngakhale kobiri. Mu 2009 anakasuma kukhoti, ndipo milandu yonse ikuluikulu yomwe yagwedeza masewerawa kufika lero inadutsa pakhomo lomwe iye anatsegula.

Kuti nkhaniyi imveke, tiyambe taiwala chithunzi chomwe timakhala nacho tikamva za masewera a pasukulu: bwalo lafumbi, ophunzira anzako akukuchemerera, aphunzitsi a masewera atanyamula wezulo. Ku America ndi zina. Bwalo la yunivesite ya Michigan mumalowa anthu oposa 107,000, ndipo limadzaza. Mpira wawo uja wovala zisoti, American football, pamodzi ndi basketball, ndi bizinesi ya mabiliyoni. Mu 2010 makanema a CBS ndi Turner anagula ufulu woonetsa mpikisano wa basketball wa mwezi wa Malichi, womwe amautcha March Madness, pa madola 10.8 biliyoni kwa zaka 14, ndipo mu 2016 anawonjezera madola 8.8 biliyoni kuti mgwirizanowo ufike 2032. Gulu la masukulu la Big Ten linasainira mu 2022 mgwirizano wa makanema woposa madola 7 biliyoni. Kochi wa yunivesite ya Georgia, Kirby Smart, amalandira madola pafupifupi 13 miliyoni pachaka. Pamene Texas A&M inachotsa ntchito kochi wake Jimbo Fisher mu 2023, inatsala ndi ngongole yomulipira madola oposa 75 miliyoni. Ndalama zonsezi zinkazungulira achinyamata a zaka zapakati pa 18 ndi 23, omwe lamulo linkawaletsa kulandira chilichonse kupyola fizi, malo ogona, chakudya ndi mabuku.

Lamulolo linali ndi maziko ake. NCAA inabadwa mu 1906, anyamata ambiri atafera pabwalo la mpira chaka chapitacho mpaka Pulezidenti Theodore Roosevelt kulowererapo. Chiphunzitso chake chachikulu chinali chakuti wosewera wa pasukulu amasewera chifukwa chokonda masewera ndi sukulu yake, osati chifukwa cha ndalama. M'zaka za m'ma 1950, bungweli motsogozedwa ndi Walter Byers linafalitsa mawu akuti student-athlete, ndiko kuti wophunzira amene amaseweranso, ndipo linalamula kuti azilembedwa paliponse. Chifukwa chake sichinali chobisika. Mu 1955 mnyamata wina, Ray Dennison, anavulala mutu akusewerera koleji ya Fort Lewis ku Colorado n'kumwalira. Mkazi wake anapempha chipukuta misozi chomwe banja limalandira munthu akafera pantchito. Khoti lalikulu la Colorado linakana, linati kolejiyo sinali pa bizinesi ya mpira ndipo malemuyo sanali wantchito. Mawu aja anagwira ntchito yomwe anapangidwira: munthu akakhala wophunzira, sali wantchito, ndiye palibe malipiro, palibe chipukuta misozi, palibe bungwe la apantchito. Byers yemweyo atakalamba anatembenuka n'kudzudzula poyera dongosolo lomwe anamanga ndi manja ake, akuliyerekeza ndi maganizo a eni minda ikuluikulu a kale. Ife amene tinamva kwa agogo athu za thangata sitivutika kumva zomwe ankatanthauza, ngakhale zinthu ziwirizi sizilingana kulemera.

Chilango kwa wophwanya lamuloli chinali chowawa. Reggie Bush wa yunivesite ya USC anapambana mu 2005 chikho cha Heisman, chomwe amapatsa wosewera woposa onse, koma zitadziwika kuti iye ndi banja lake ankalandira thandizo kwa anthu ofuna kudzakhala ma ejenti ake, anachibweza mu 2010. Chaka chomwecho, osewera angapo a Ohio State analetsedwa masewero asanu chifukwa chogulitsa mphete ndi majezi awoawo ndi kulemba ma tattoo motchipa. Mu 2017 Donald De La Haye wa University of Central Florida anauzidwa kuti asankhe pakati pa mpira ndi ndalama zomwe ankapeza pa YouTube, ndipo sikolashipu inamuthera pomwepo. Mnzake wophunzira zoimbaimba pasukulu yomweyo akanatha kugulitsa nyimbo zake popanda womufunsa. Ndipo mu 2014, Shabazz Napier wa Connecticut, m'masiku omwe timu yake inkapita kukatenga chikho cha dziko, anauza atolankhani kuti masiku ena amagona ndi njala. Patangopita masiku ochepa NCAA inachotsa malire omwe inaika pa chakudya cha osewera.

Chilungamo chimafuna kuti timvenso mbali inayo, chifukwa si yopanda nzeru. Sikolashipu ya ku America si kanthu kakang'ono. Pa masukulu ena fizi ya chaka chimodzi imapyola madola 60,000, ndipo ophunzira ena amamaliza ali ndi ngongole yomwe amabweza zaka zambiri. Mwa osewera oposa 500,000 a m'masukulu pafupifupi 1,100 a NCAA, osakwana awiri pa 100 aliwonse ndiwo amadzakhala akatswiri olipidwa, choncho kwa ambiri digiri ndiyo mphoto yeniyeni. Kuwonjezera apo, masewera opindulitsa ndi awiri okha, mpira ndi basketball ya anyamata, ndipo ndalama zake ndizo zimayendetsa kusambira, kuthamanga, volleyball ndi masewera ambiri a atsikana. Akuluakulu a masukulu ankati mukayamba kulipira a mpira, enawa adzafota. Mantha amenewa ali ndi choonadi mkati mwake, ndipo tibwererako. Koma funsani kuti amene ankasenza katunduyo anali ndani. Ambiri mwa osewera a masewera awiri opindulitsawo pa masukulu akuluakulu ndi akuda, ochuluka ochokera m'mabanja osauka, ndipo thukuta lawo ndilo linkalipira makochi, mabwana a m'maofesi ndi masewera a ana a mabanja opeza bwino. Pamenepa ineyo sindiona mawu ena oyenera koma akuti kudyera masuku pamutu.

Chida chomwe osewera anagwiritsa ntchito sichinali lamulo la masewera ayi, koma lamulo la mpikisano pa malonda, Sherman Act ya mu 1890. Mfundo yake ndi yomwe ija imaletsa makampani kupangana mitengo, yomwe kwathu imayang'aniridwa ndi bungwe la Competition and Fair Trading Commission. Mayunivesite amalimbirana osewera aluso monga momwe makampani amalimbirana antchito. Akakhala pansi onse n'kugwirizana kuti palibe amene apereke zoposa mwakuti, apangana mtengo wa ntchito ya munthu. Amene anagonjetsa NCAA ndi lamuloli osewera asanatero anali masukulu enieniwo. Mu 1984 Oklahoma ndi Georgia anapambana ku Supreme Court, khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo, ufulu wodzigulitsira okha masewero awo ku makanema, ndipo mpopi wa ndalama unatsegukira pomwepo. Koma m'chigamulo chomwecho jaji John Paul Stevens anadutsamo ndi chiganizo chakuti, pofuna kusunga mtundu wa masewerawa, osewera asamalipidwe. NCAA inagonja mlanduwo, komabe inatola chiganizocho n'kuchisandutsa chishango kwa zaka 37.

Mlandu wa O'Bannon unagwera m'manja mwa jaji Claudia Wilken wa ku Oakland ku California, dzina lomwe limabwera mobwerezabwereza m'nkhaniyi. Mu Ogasiti 2014 anagamula kuti malamulo a NCAA ankaphwanyadi lamulo la mpikisano, nalola kuti masukulu azisungira wosewera aliyense madola ofika 5,000 pachaka. Khoti la apilo linavomereza mfundo yoyambayo koma linafafaniza ndalamazo. EA inali itagwirizana kale zolipira osewera ndipo inasiya kupanga magemu a m'makoleji. Kenako kunabwera mlandu wa Shawne Alston, yemwe anasewerera West Virginia. Pa 21 Juni 2021 majaji onse asanu ndi anayi a Supreme Court anagwirizana kuti NCAA ilibe mphamvu yoletsa masukulu kupereka zinthu zokhudza maphunziro, monga makompyuta ndi mphoto za kukhoza bwino zofika madola 5,980 pachaka. Chigamulocho pachokha chinali chopapatiza. Chomwe chinanjenjemeretsa NCAA ndi zomwe jaji Brett Kavanaugh analemba payekha. Anati eni malesitilanti a dera limodzi sangapangane kudula malipiro a ophika ponamizira kuti makasitomala amakonda chakudya chophikidwa ndi anthu olandira zochepa. Anati kayendetsedwe ka NCAA kangakhale kosaloledwa pafupifupi mu bizinesi ina iliyonse ku America, ndipo anatseka ndi kunena kuti NCAA siili pamwamba pa lamulo. Loya aliyense anamva kuti chitseko chili chotsegula.

Pa nthawi yomweyo moto unali utabuka kwina. America ili ndi zigawo 50, chilichonse ndi nyumba yake ya malamulo. Mu Sepitembala 2019 bwanamkubwa wa California, Gavin Newsom, anasainira lamulo lolola osewera kupeza ndalama ndi mayina awo, ndipo anasainira pa pologalamu ya kanema ya LeBron James. Zigawo zina zinaopa kuti osewera abwino onse athamangira komweko, n'kuyamba kupanga malamulo awo mopikisana. La Florida ndi ena angapo ankayamba kugwira ntchito pa 1 Julayi 2021. Kutatsala tsiku limodzi, NCAA inagwetsa manja n'kuimitsa chiletso chake. Apa ndipo panayambira nyengo ya NIL, zilembo zoimira mawu a Chingerezi akuti name, image ndi likeness: dzina, chithunzi ndi maonekedwe a munthu.

Poyamba zinkaoneka zosavuta. Wosewera atha kutsatsa malonda a kampani, kusainira majezi, kuphunzitsa ana pa holide, kulipidwa pa zomwe waika pa Instagram kapena TikTok. Tsiku loyamba lomwelo mapasa Haley ndi Hanna Cavinder, osewera basketball ku Fresno State, anasainirana ndi kampani ya mafoni ya Boost Mobile. Caitlin Clark wa Iowa anadzatsatsa za Nike, Gatorade ndi State Farm akadali pasukulu. Olivia Dunne wa LSU, wa masewera a gymnastics, anakhala mmodzi wa olemera kwambiri chifukwa cha omutsatira pa intaneti. Atsikana, omwe ankanenedwa kuti ndiwo adzavutike, ena mwa iwo anali oyamba kupindula. Mu 2024 gemu ya mpira wa m'makoleji ya EA inabwerera, ulendo uno ndi mayina enieni, wosewera aliyense wovomera akulandira madola 600 ndi gemu yake. Chaka chomwecho Reggie Bush anabwezeredwa Heisman yake.

Koma malamulo awiri anatsalabe: sukulu isalipire wosewera, ndipo ndalama zisakhale nyambo yokopera munthu kuti abwere pasukulu yakutiyakuti. Apa ndiye panagona vuto lonse. Yunivesite iliyonse yaikulu ili ndi mpondamatiki zake, anthu omwe anaphunzira pomwepo ndipo amaikonda timu ngati chipembedzo. Kwa zaka zambiri ena mwa iwo ankapereka ndalama mwamseri. Tsopano anapeza njira yoonekera: anakhazikitsa magulu otchedwa collective, omwe pa pepala ndi oima paokha, osati a sukulu. Gululo limasonkha ndalama, n'kupatsa wosewera kontrakiti yoti aike mauthenga angapo pa intaneti kapena akaonekere ku mwambo wothandiza osowa, n'kumulipira madola mazanamazana kapena mamiliyoni. Aliyense ankadziwa kuti salipira uthengawo, akulipira mpira. Ndiye mawu akuti NIL anayamba kutanthauza zinthu ziwiri zosiyana, kutsatsa malonda kwenikweni ndi malipiro ovala chigoba cha kutsatsa malonda, ndipo mikangano yambiri yomwe mumamva imachokera pa chachiwirichi. Magulu ena analembetsa ngati mabungwe achifundo kuti opereka asamadulidwe msonkho, mpaka mu 2023 bungwe lotolera misonkho la IRS linachenjeza kuti ambiri sakuyenera ulemu umenewo. Malamulo osinthira sukulu nawo anamasuka, kotero kuti wosewera akhoza kuchoka chaka chilichonse kutsata komwe kuli chikwama chonenepa.

Msika unabadwa, koma wopanda malamulo a msika, ndipo ovulala oyamba anali achinyamata omwewo. Jaden Rashada, akadali ku sekondale, anasintha maganizo n'kusankha yunivesite ya Florida atasainira kontrakiti ya madola 13.85 miliyoni ndi collective ya kumeneko. Pasanathe mwezi gululo linathetsa mgwirizanowo. Anachoka osasewerako ngakhale kamodzi, ndipo mu Meyi 2024 anasumira kochi wa timuyo ndi mpondamatiki wina, ponena kuti anamunamiza. Nkhani ya Matthew Sluka ndi yaing'ono pa ndalama koma imaonetsa bwino momwe zinthu zinkayendera. Mu Sepitembala 2024 timu yake ya UNLV ku Las Vegas inali itapambana masewero atatu oyamba, iye akuitsogolera, pamene analengeza kuti wasiya. Womuimira anati wothandizira kochi wina anamulonjeza pakamwa madola 100,000 koma analandira 3,000 okha. Sukulu inakana kuti sinalonjeze zotero. Panalibe pepala. Anachoka msanga dala, chifukwa akanapyola masewero anayi chaka chonsecho chikanawerengedwa kuti chatha pa zaka zake zololedwa kusewera. Akuluakulu anati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, ndipo mnyamata wa zaka makumi awiri amene akukambirana ndi mabwana opanda chikalata alibe potsamira. Ma ejenti nawo anadzaza, ena odziwa ntchito, ena ongofuna kudula gawo lalikulu kwa mwana wosadziwa kuti ndalamazo zimadulidwanso msonkho.

NCAA itayesa kulanga, inapezeka kuti mano anaguluka. Kumayambiriro kwa 2024 zinadziwika kuti ikufufuza yunivesite ya Tennessee pa momwe inapezera wosewera mpira Nico Iamaleava. Maloya akuluakulu a boma a zigawo za Tennessee ndi Virginia anathamangira kukhoti, ndipo mu Febuluwale jaji anapereka chiletso choti NCAA isaletsenso kukambirana za ndalama ndi osewera omwe akusankha sukulu. Chaka chotsatira Iamaleava yemweyo anasemphana ndi Tennessee n'kupita ku UCLA.

Mlandu womwe unagwetsa khoma lomaliza ndi wa House. Grant House anali wosambira ku Arizona State, ndipo mnzake pa mlanduwo, Sedona Prince, ankasewera basketball ku Oregon. Prince ndi yemwe uja mu Malichi 2021 anajambula kanema wa TikTok woonetsa malo olimbitsira thupi pa mpikisano wa dziko: atsikana anapatsidwa kamulu kamodzi ka tizitsulo, anyamata chipinda chachikulu chodzaza ndi makina. Mlandu wawo, womwe unayamba mu 2020, unkafuna ndalama zomwe osewera akanapeza pakanapanda chiletso, kuphatikizapo gawo la ndalama za makanema. M'milandu ya mpikisano wa malonda ku America, wogonja amalipira katatu zomwe anawononga, choncho NCAA ikanagonja ikanatha kugwa nayo. Inasankha kukambirana. Pa 6 Juni 2025 jaji Wilken anavomereza mgwirizano wa mbali zitatu. Osewera a kuyambira 2016 alandire pafupifupi madola 2.8 biliyoni m'zaka khumi. Kuyambira pa 1 Julayi 2025 sukulu iliyonse yofuna ikhoza kulipira osewera ake mwachindunji, mpaka madola pafupifupi 20.5 miliyoni m'chaka choyamba, omwe ndi 22 peresenti ya zomwe masukulu akuluakulu amapeza pa avereji, ndipo malirewo azikwera chaka ndi chaka. Chachitatu, kontrakiti iliyonse ya kunja ya madola 600 kapena kuposerapo izidutsa ku ofesi yotchedwa NIL Go, yoyendetsedwa mothandizana ndi kampani ya Deloitte pansi pa bungwe latsopano la College Sports Commission, kuti aone ngati ndi malonda enieni ndiponso ngati mtengo wake ndi woyenera.

Mlandu suola, ndipo uwunso sunathere pamenepo. Patangodutsa masiku ochepa, atsikana asanu ndi atatu anachita apilo. Ndalama za m'mbuyo zija zinagawidwa motsata komwe ndalama za makanema zinkachokera: pafupifupi 75 peresenti kwa a mpira, 15 kwa anyamata a basketball, 5 kwa atsikana a basketball, ndi 5 yotsalayo kwa ena onse. Atsikanawo akuti izi zikuphwanya Title IX, lamulo la mu 1972 loletsa tsankho pakati pa amuna ndi akazi m'masukulu olandira ndalama za boma. Apiloyo inaimitsa kaye kugawa kwa ndalama za m'mbuyozo. Funso lake ndi lolimba ndithu. Ngati ndalamazi ndi malipiro a msika, n'zomveka kuti wobweretsa zambiri alandire zambiri. Ngati ndi thandizo lomwe sukulu ikupereka kwa ophunzira ake, liyenera kugawidwa mosakondera. Boma la Joe Biden, m'masiku ake omaliza mu Januwale 2025, linati ndi thandizo la sukulu. La Donald Trump linafafaniza malangizowo mwezi wotsatira. Masukulu ambiri akugawa ndalama zatsopanozo motsata magawo omwe aja, mpira patsogolo.

Masukulu ang'onoang'ono ali ndi dandaulo lawo. Gawo lalikulu la ngongole ya 2.8 biliyoni likulipidwa podula ndalama zomwe NCAA imagawira masukulu, ndipo pa zodulidwazo magulu ang'onoang'ono akusenza zochuluka kuposa magulu akuluakulu, chonsecho ambiri olandira ndalamazo anasewerera akuluakuluwo. Mgwirizanowu unaikanso malire a chiwerengero cha osewera pa timu, monga 105 pa mpira, ndipo masukulu anayamba kuchotsa ana omwe ankasewera opanda sikolashipu, ongokonda masewera basi. Makolo ndi ana analembera jaji makalata, ndipo Wilken anakana kusainira mpaka atakonza kuti omwe analipo kale asawerengedwe pa malirewo. Mantha aja a masewera ang'onoang'ono apa akuoneka ndi maso, chifukwa madola 20.5 miliyoni ayenera kuchokera penapake. Komabe sindivomereza kuti wolakwa ndi mnyamata wa mpira amene wayamba kulandira. Sukulu yomwe ikutha kulipira kochi wochotsedwa ntchito mamiliyoni makumimakumi ili ndi pena podula isanafike pa dziwe losambiramo.

Palinso otsalira kunja. Mario Chalmers anaponya mu 2008 mpira womwe unapulumutsa Kansas m'masekondi omaliza a fainolo, ndipo kanema wake amaonetsedwa Malichi aliyense potsatsa mpikisanowo. Iye ndi anzake anasuma, koma mu 2025 khoti linataya mlanduwo ponena kuti nthawi yosumira inadutsa kale.

Pansi pa zonsezi pali mawu amodzi omwe aliyense akuwazemba, omwe aja anakanidwa kwa mkazi wa Dennison: wantchito. Mu ligi za akatswiri monga NFL ndi NBA mulinso malire a malipiro, koma ndi ovomerezeka chifukwa osewera ali ndi mabungwe awo omwe amakhala patebulo n'kukambirana, kulolera apa kuti apeze apo, monga penshoni ndi chithandizo cha kuchipatala. Malire a madola 20.5 miliyoni sanakambidwe ndi bungwe la osewera. Anagwirizana ndi maloya, ndipo akumanga ngakhale ana omwe pa nthawiyo anali ku pulayimale. N'chifukwa chake lamulo lililonse latsopano likangotuluka, wina amakalitsutsa. College Sports Commission itanena mu Julayi 2025 kuti makontrakiti ambiri a ma collective sadzadutsa, maloya a osewera anakana, ndipo mwezi usanathe inafewetsa mawu ake. Osewera anayesapo njira ya bungwe. A mpira ku Northwestern anayesa mu 2014, zinakanika. A basketball ku Dartmouth anavota 13 kwa 2 mu Malichi 2024 kuti alowe bungwe la apantchito, koma anabweza pempho lawo kumapeto kwa chakacho, boma litatsala pang'ono kusintha. Mu Julayi 2024 khoti la apilo pa mlandu wa Johnson linati osewera akhoza kuwerengedwa ngati antchito ngati zinthu zina zakwanira. NCAA, yomwe tsopano ikutsogozedwa ndi Charlie Baker, yemwe anali bwanamkubwa wa Massachusetts, yakhala ikupempha nyumba ya malamulo ya Congress zinthu ziwiri: chitetezo ku milandu ya mpikisano, ndi lamulo lonena kuti osewera si antchito. Ine ndimaona kuti kupempha ziwirizi pamodzi ndi kufuna mphamvu yoika malire popanda kukhala pansi ndi omangidwa ndi malirewo. Munthu amene ali ndi kontrakiti, amauzidwa nthawi yodzuka, chakudya chodya ndi tsiku lopuma, ndipo akhoza kuthyoka bondo kapena kuvulala ubongo pochita zomwe wauzidwa, ayenera kukhala ndi pakamwa pa zomwe zimamukhudza.

Mawu omwewa amaluma mwanjira ina ana athu ochokera ku Africa. Masukulu a ku America ndi njira yaikulu ya othamanga ndi osewera a kuno; Tapiwanashe Makarawu ndi Makanakaishe Charamba a ku Zimbabwe, omwe onse awiri anafika mu fainolo ya mamita 200 pa Olympics ya ku Paris mu 2024, anakulira luso m'makoleji a kumeneko. Wophunzira wakunja amalowa ndi visa ya F-1, yomwe imangomulola kaganyu ka pasukulu kosapyola maola 20 pa sabata, ndipo ntchito ina yosaloledwa ikhoza kumuthamangitsitsa m'dzikomo. Kwa NCAA, kujambulitsa chithunzi cha malonda si ntchito. Kwa a zolowa ndi kutuluka, ndi ntchito ndithu. Oscar Tshiebwe wa ku Lubumbashi ku DR Congo anasankhidwa kukhala wosewera basketball woposa onse m'makoleji a America mu 2022, koma makampani omwe ankamufuna sakanatha kumugwiritsa ntchito ali pa nthaka ya America monga ankachitira ndi anzake a timu imodzi. Mu Ogasiti chaka chomwecho timu yake ya Kentucky inapita kukasewera masewero okonzekera ku Bahamas. Atangotuluka m'malire a America, Tshiebwe anayamba kujambulitsa zithunzi, kupanga makanema otsatsa malonda ndi kusainira makadi, akupanikiza m'sabata imodzi ntchito yomwe anzake anali ndi chaka chonse choichitira, ndege yobwerera ku Lexington, kwawo kwa timuyo, isananyamuke.